Tsiku Limene Miyala Inapepuka

Mphunzi,
Dedza.
25 Seputembala, 1983.

Okondedwa akulu anga a Magadalena,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Kitwe. Ngati muli bwino ndiye kuti Ambuye amva mapemphero anga. Kuno tilipo, mphepo yachaka chino yatisiya amoyo, mbatata ya kachewere yachita bwino kudimba, ndipo mbuzi yanu ija yaswa awiri.

Musadabwe kuona zilembo zokongola chonchi, ndikudziwa kuti simunalandirepo zotere kuchokera kwa ine. Akulemba ndi mwana wanu Elena, ine ndikungoyankhula nditakhala pamphasa. Chifukwa chake ndikuuzani kutsogoloku, musathamange. Kalatayinso sindiiponya ku positi, paja makalata a masiku ano amafika atawerengedwa kale. Ndapatsira a Bakali, aja a lole a ku Dedza boma, kuti akapereke kwa mphwawo amene amapita ku Chipata. Ndiye ndiyankhula momasuka, inu mukatha kuwerenga musonkhezere moto.

Nkhani ndi ya alamu anu, bambo a Elena, ndi pakamwa pawo paja. Mukuwadziwa a Kenan, munthu wosaputa ngakhale nkhuku, koma nthabwala ikawafika pakhosi sangaimeze ngakhale pamaliro. Chaka chino tamanga buloko yatsopano pasukulu yathu ndi njerwa zoumba tokha, ndipo iwo ndiwo wapampando wa komiti ya sukulu. Kumayambiriro kwa Ogasiti a Tcheyamani a chipani a dera lathu anaitanitsa msonkhano, nanena kuti kukubwera akuluakulu ochokera ku Lilongwe kudzatsegula bulokoyo, choncho makoma onse apakidwe laimu, ayere mbee, pamodzi ndi miyala ya m'mbali mwa msewu. Tsono laimuyo ali kuti? Chiyambire nkhondo ya ku Mozambiki katundu akuvuta, m'masitolo a ku boma mulibe ngakhale thumba limodzi. Aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezi, ndipo aliyense anakhala chete monga munthu wanzeru. Alamu anu okha ndi amene anakweza dzanja.

"Pepani a Tcheyamani, nanga laimuyo tikamukumbe kuti? Kapena tipake ufa woyera?"

Anthu anaseka, akulu anga, ndipo kusekako ndi kumene kunatipha. A Tcheyamani sanaseke. Anadikira mpaka bwalo lonse litati zii, kenaka anati, "Mwanena nokha a Kenan, mukamukumba. Likafika tsikulo khoma lili lofiira, mudzapita ku boma kukafotokoza chimene mumaseketsa nacho anthu pamsonkhano wa chipani." Inu mukukumbukira mwana wa a Damiano, mphunzitsi uja, amene anamutenga kuti akafotokoze? Mpaka lero akufotokozabe, make anamwalira osamuonanso.

Tinabwerera kunyumba. Ine ndinali ndi mawu odzaza dengu, koma nditawaona atakhala pakhonde mutu uli pakati pa mawondo, ndinangowameza. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndinawasankha ndekha ndikudziwa pakamwa pawo. Koma mantha ndinali nawo, sindikubisirani, makamaka ndikamva galimoto kumsewu.

Amene anatsegula pakamwa ndi Elena, yemwe ali patchuthi atamaliza Fomu 3 kusekondale ya asisitere. Anagwada pafupi ndi bambo ake nati, "Ababa, laimu sakumbidwa, amawotchedwa." Tinamuyang'ana tonse. Iye anati asisitere awo a sayansi anawaonetsa kamwala koyera kochokera kuchigwa cha ku Golomoti, nawauza kuti mwala umenewo ndi zinthu ziwiri zogwirana zolimba, laimu ndi mpweya, womwe uja timatulutsa tikamapuma. Moto wamba suzilekanitsa, koma moto waukali kwambiri umazilekanitsa, mpweya umathawa, laimu amatsala. Ine ndinati, "Iwe mwana, mpweya m'mwala? Mwala umapuma?" Iye anati, "Amayi, ndinaona ndi maso angawa, kungoti kamene tinawotcha ife kanali ngati njere ya nyemba." Bambo ake anadzutsa mutu nati, "Ndiye tiwotcha nyemba zambiri." Ndinadziwa kuti munthu uja wabwerera.

A Bakali Mulungu awadalitse. Anali ndi ulendo wokatenga nsomba zouma kumunsi, ndipo anavomera kubwerako ndi miyala m'malo mosiya theka la lole lopanda kanthu. Elena anapita nawo pamodzi ndi bambo ake, atanyamula mandimu m'kathumba, akuti mwala woyenera ukaufinyira ndimu umatulutsa thovu. Lole linatsitsa miyala pamene msewu umathera, kutsidya kwa dambo, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kuseri kwa sukulu tinasenza amayife. Akulu anga, ndasenzapo njerwa, ndasenzapo chinangwa, koma miyala imeneyo ndi ina. Dengu limodzi khosi limalowa m'mapewa, nkhata imaphwatalala ngati chikondamoyo. Ndinapita maulendo osawerengeka mpaka khosi langa linaloweza kulemera kwake.

Ng'anjo anamanga ndi a Alufeo, aja amawotcha njerwa. Moto amaudziwa bamboyo, zimenezo palibe angawalande. Anayala nkhuni za bulugamu ndi zotsala za paini zimene tinakapempha kumacheka, pamwamba pake miyala, kenaka nkhuni, kenaka miyala, n'kumata kunja ndi dothi. Koma anaikanso lamulo lawo. Anati ng'anjo ili ngati mowa, imafuna anthu ozizira, ndiye mwamuna aliyense wogwira motowo alekanitse mphasa ndi mkazi wake mpaka ng'anjo itatsegulidwa, ndipo mkazi aliyense wotha msinkhu asapitirire chulu chimene chili kumpoto kwa sukulu. Ife Akatolika timati zoterezi tinasiya, koma ndani akanayesa, moyo wa munthu uli pamenepo? Ine ndinasamukira kukhitchini. Ndiye tangoganizani, mwini nzeru yonse ataima pachulu ngati mlonda wa anyani, kumakuwa, "A Alufeo, miyalayo iswedwe ikhale ngati chibakera! Onjezani nkhuni mpaka ifiire psuu!" Ina anaiswa, ina anaiika yathunthu, akuti mwana wamkazi sangawaphunzitse kuyala ng'anjo. Motowo unayaka masiku angapo osazima, utsi wake unkaoneka mpaka kumapiri, ndipo amuna ankasinthana osadandaula.

Ng'anjo itazizira anaitsegula m'mawa, ife tili pachulu. Tinaona amuna akugumula dothi, kenaka onse anangoima manja ali m'chiuno. Palibe anakuwa, palibe anaseka. Iwo ankayembekeza ufa woyera ngati wa m'thumba la kusitolo, koma anapeza miyala, yomwe ija, mawonekedwe omwe aja, yangotuwa pang'ono basi. A Alufeo anaponya chipewa pansi nati, "Moto wanga sunalakwepo. Alipo watidula pano."

Sindinafike n'kunyumba komwe, a Monika, akazi a akatekisiti, anandipeza panjira. Anandikokera pambali n'kunong'ona monong'ona muja mudzi wonse umamva. "Make Elena, tiuzeni zoona, mphasa munalekanitsadi?" Ndinati, "A Monika, mwamuna amene akuyembekeza galimoto ya ayufi a chipani kudzamutenga mukuganiza kuti ali ndi mtima wa mphasa?" Elena akuti izi asalembe, n'zamanyazi. Ndamuuza kuti alembe, akuwerenga ndi mayi ake aakulu, si abambo mfumu. A Monika ataona kuti kwa ine kulibe khomo anatembenukira kwa mwana. Anati, "Nanga atsikana a kusekondalewa timawadziwa zimene amachita? Uyu anakwera lole mpaka ku Golomoti ndi amuna okhaokha." Mwamuna mmodzi mwa amunawo ndi bambo ake omubala, koma mphekesera siifunsa zimenezo. Lisanafike pamutu dzuwa nkhani inali itazungulira mudzi wonse kuti mwana wa a Kenan ndi amene wawononga ng'anjo. Elena anamva ndi makutu ake pachitsime, anasiya ndowa pomwepo, n'kukadzitsekera m'nyumba.

Masana kunabwera mawu oti a Tcheyamani akubwera kudzaona laimu wawo. Amuna anati miyala ichotsedwe ikatayidwe kuchigwembe, isachititse manyazi pasukulu, ndipo mwadzidzidzi lamulo la chulu linatha, poti kusenza ndi kwa akazi. Ndinapita ndi dengu langa lomwe lija, mtima uli kwina. Ndinadzaza mpaka pamlomo monga kale, ndinakonza nkhata, ndinaitana mnzanga kuti anditwike, n'kukunga khosi kuyembekeza katundu uja ndinamuloweza. Akulu anga, dengu linakwera ngati muli makala! Ndinatsala pang'ono kugwa chagada chifukwa cha mphamvu imene ndinakonzekera. Ndinatula, n'kuyang'ana ngati ladzazadi, n'kusenzanso ndekha popanda wonditwika. Anzanga ankapita kuchigwembe, ine ndinakhotera kunyumba, ndikuthamanga ndi miyala pamutu ngati wamisala.

Ndinagogoda ndi phazi. "Elena, tsegula. Miyala yako yapepuka." Anatsegula maso atatupa, natola mwala umodzi, n'kuuyesa m'dzanja. Kenaka anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Amayi, yapsa! Mpweya wachoka, n'chifukwa chake yapepuka. Ameneyu ndi laimu kale, akungofuna madzi kuti aphwanyike. Auzeni asataye!" Ine ndinamva msanga, chifukwa ndaonapo maukwati otero, anthu akukhalabe nyumba imodzi, kunja kukuoneka bwinobwino, pamene m'kati zinalekana kale. Anatenga beseni ndi ndowa ya madzi, ine dengu langa, ulendo wa kusukulu.

Tinapeza a Tcheyamani atafika kale ndi ayufi awo a malaya ofiira, anthu atazungulira. Chimene chinandilasa mtima ndi ichi: alamu anu anali atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Palibe anawauza, anakalitenga okha, poti munthu wopita ku boma amavala bwino. Anandiyang'ana n'kuyang'ana pansi.

Elena anadutsa pakati pa anthu omwe aja ankamunena, nagwada kutsogolo kwa a Tcheyamani. Anati, "Bambo, pepani, ndipempheko kanthawi. Laimu alipo, ndi miyala yomweyi. Mundilole ndithire madzi muone." A Tcheyamani anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Chabwino, koma mwala ndisankha ndine." Anapita pamulu n'kusankha waukulu kuposa yonse, umodzi mwa ija a Alufeo anakana kuswa. Elena anathira madzi. Madzi anayenderera m'mbali, kunja kunanyenyeka pang'ono, mwala uli chikhalire. Anathiranso, osasintha. Ayufi anayamba kuseka, wina kumbuyo anati, "Mwala akuusambitsa!" Ndinaona manja a mwana wanga akugwa, ndinaonanso mmodzi wa ayufi akugwira bambo ake pachigongono.

Pamenepo sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinatula dengu, ndinatola miyala umodziumodzi ndikuiyesa m'manja, n'kusankha itatu yopepuka kwambiri. Ndinaiika m'beseni, ndinagwada pamaso pa a Tcheyamani monga timachitira popereka madzi osamba m'manja, ndipo ndinati, "Bambo, uwo unali waukulu, moto sunaulowe m'kati. Mkazi amadziwa mbatata yakupsa. Taonani iyi." Elena anati, "Amayi, ikani pansi, imani patali, imalavula!" Ndinamumva bwinobwino, zimenezi zilembedwe, mwanayu anandichenjeza. Koma ndinkafuna bamboyo aone pafupi, asadzanene kuti sanaone. Ndinamulanda ndowa n'kuthira ndekha.

Poyamba panalibe kanthu. Miyala inamwa madzi onse ngati munthu waludzu, n'kukhala chete. Ndinaweramira kuti ndione bwino. Kenaka inayamba kulira tswee, nthunzi inakwera, beseni linatentha m'manja mwanga popanda moto pansi pake, miyala inatupa, inang'aluka, inaphulika phuu, n'kusanduka phala loyera lowira lokha. Anthu anangoti balala! A Monika anathawa akuitana Maria Woyera, ayufi awiri anakabisala kuseri kwa buloko. A Tcheyamani anabwerera m'mbuyo mpaka anakhala pansi pamulu wa mchenga. Elena sanathawe. Anatenga ndodo, navundula phalalo, nawonjeza madzi, naviika tsache n'kukoka mzere umodzi pakhoma la njerwa. Poyamba unkaoneka wotuwa, anthu akubwerera mmodzimmodzi kudzasuzumira, ndipo dzuwa litauumitsa unayera mbee.

A Tcheyamani anadzuka, nasasa mchenga kumbuyo, nayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenaka anati, "A Kenan, jeketelo mwavalira chiyani? Vulani, muipitsa. Tengani tsache." Amayi anaimba nthungululu mpaka mapiri anayankha. A Alufeo anatola chipewa chawo nati, "Ndinanena ine kuti moto wanga sulakwa," ndipo m'menemo sananame. Amene anali atataya kale miyala kuchigwembe anathamanga kukaitola.

Tsiku la alendo sukulu inkaoneka kuchokera kumsewu waukulu. A Tcheyamani polankhula anati laimu ameneyu wapangidwa ndi anthu a dera lino motsogozedwa ndi chipani, dzina la mwana wanga silinatchulidwe. Zilibe kanthu. Mudzi wonse ukudziwa, ana a sukulu akamuona amati "asayansi akudutsa," ndipo a Monika anabwera ndi nkhuku atainyamula kukhwapa, maso ali pansi. Nkhukuyo ndinalandira, inali yonona. Elena waika cholembera pansi, akuti ndikumutama mopitirira. Ndamuuza kuti atole, sindinamusenze miyezi yonse ija kuti ndizimutama monong'ona. Akulu anga, ndinabala ine! Tinkaseka kuti mwana wamkazi kusekondale akukaphunzira kuphika za azungu, lero watulutsa mpweya m'mwala n'kuchotsa bambo ake m'kamwa mwa ng'ona.

Tsopano za zilembozi, poti ndinalonjeza. Pamene miyala inaphulika nditaweramira, phala lija linandilavulira kumaso. Ululu wake sindingaufotokoze, tsabola ndi wabwino. Koma ndikanakuwa pamenepo akanati mwana wa a Kenan wabweretsa mankhwala ovulaza anthu pasukulu yodzafikira alendo, ndipo m'galimoto ya ayufi mukanakwera awiri. Ndiye ndinaika beseni pansi bwinobwino, ndinakhala chigwadire ndikumwetulira, misozi ikutsika, anthu n'kumati make Elena akulira ndi chimwemwe. Sanalakwitse kwenikweni. A Tcheyamani atangotembenuka Elena anaona, anandikokera kuchitsime, n'kumandithira madzi m'maso ndowa ndi ndowa, akulira, akundikalipira ngati mayi ndi iyeyo. Ku chipatala cha mishoni asisitere anati madzi amenewo ndi amene anapulumutsa diso lakumanja, ndipo likuchira, kungoti sililola zolembalemba pakali pano. Lakumanzere likuona chifunga basi, ndipo akuti likhala choncho.

Musalire, ndakudziwani, mwayamba kale. Musakwerenso basi kubwera kuno, ndikulima, ndikuphika, ndikukalipa monga mwa masiku onse. Mwanayu akudziimba mlandu, ndiye mukamayankha mumulembereko mawu ake, mumuuze kuti abwerere kusukulu ndi mtima umodzi akamalize Fomu 4, mwina inu akumverani. Pempho langa lina ndi laling'ono. Mukapeza magalasi akuda kumeneko munditumizire kudzera kwa a Bakali. Si a manyazi ayi, diso langa ndilibe nalo manyazi. Kungoti khoma lija likaombedwa ndi dzuwa limathobwa m'maso, ndipo ine ndikakhala pakhonde sindifuna kuyang'ana kwina.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Rute ndi azing'ono ake onse. Elena akupereka moni. A Alufeo akuti ndikuuzeni kuti ng'anjo yachiwiri miyala aiswa yonse, ndipo pachulu sipadzaimanso munthu.

Alamu anu nawonso akupereka moni. Ali pompano pakhonde, akumata chubu cha njinga, jekete lili pamsomali m'nyumba. Chichitikire zija anasiya nthabwala, ankangondiyang'ana kumaso n'kutuluka panja, ndipo nyumba inazizira moti ndinayamba kudandaula kuti andibwezera munthu wina. Koma lero m'mawa pondipatsa tiyi anakhosomola, nati, "Make Elena, ndiye kuti tsopano zolakwa zanga muziziona theka lokha." Ndinaseka, akulu anga, mpaka maso onse awiri anatuluka misozi, ndi lakufa lomwe.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane, ine ndidzakuzindikirani ndithu.

Ndine mng'ono wanu,
Anjelina, make Elena.